Madzi a M'mawa, Madzi a Masana

Makina oyeza madzi anali m'kachipinda kopapatiza pafupi ndi injini, momwe kale ankasungamo zingwe ndi zitini za penti. Anadzawaika ndi anthu ofufuza za nyanja a ku mzinda wa Suva, ndipo pochoka anawasiya m'manja mwa Ilaitia, wachiwiri kwa mkulu wa injini pa sitima yonyamula katundu ndi anthu kupita ku zilumba za kum'mawa. Anasankha iyeyo chifukwa anali munthu wosapupuluma. Ukamufunsa ngati kunja kukugwa mvula, ankayamba watulutsa dzanja pawindo.

Ntchito ya makinawo inali kuyeza mpweya wa kaboni wosungunuka m'madzi a m'nyanja, womwe uja timatulutsa popuma, umenenso umapezeka mu utsi wa injini. Nyanja imaumeza, ndipo ukachuluka madzi amawawasa, kuwawasa kosamveka pa lilime koma kokwanira kufooketsa zigoba za nkhono. Pampu inkakoka madzi pansi pa sitima n'kuwawaza ngati mvula m'botolo lalikulu lagalasi. M'botolomo munali mpweya wotsekeredwa, ndipo madzi ndi mpweyawo zinkakhudzana mpaka kaboni wa mbali zonse ziwiri alingane. Kenako kapaipi kankayamwa mpweyawo kupita nawo m'bokosi lowerenga, ndipo pa galasi la kompyuta pankayenda mzere wobiriwira. Panalinso kapaipi kena, komangiriridwa ku chitsulo kutsogolo kwenikweni kwa sitima, kokoka mpweya wa kunja. Mzere wake unali wofiira, ndipo pa nyanja yaikulu unkangogona phee tsiku lonse, pokhapokha mphepo itabweza utsi kapena wina atakaima pafupi ndi kukamwa kwake.

Lamulo linali limodzi: sitima ikamayandikira mpata wolowera m'dziwe la madzi osaya lozungulira chilumba chilichonse, mpopi wa madzi utsekedwe, kuopa mchenga. Choncho makinawo ankadziwa madzi a nyanja yonse ya pakati, koma pa chilumba chilichonse, pomwe pamakhala anthu, mzere wobiriwira unkaduka.

Tsiku limenelo masana, kutatsala usiku umodzi kuti afike ku chilumba cha Matuloa, Akanisi anamupeza Ilaitia akupukuta botolo lija. Akanisi anali wophika wa m'sitimamo, komanso msuweni wake, mwana wamkazi wa amalume ake, ndiye pakamwa pake panalibe chotseka.

"Mwamuna wanga, ukapitiriza kumusisita choncho mkazi wako wagalasiyu, atenga pakati," anatero akuika kapu ya tiyi pa bokosi.

"Chotsa kapuyo pamenepo."

"Ee, nsanje! Ine tiyi wanga sakhala pafupi ndi mkazi mnzanga?" Anaichotsa, n'kukhala pa chitini chakale. Anayang'ana madzi akuwazika m'botolomo. "Ndiye umati madziwa salankhula okha? Amauza mpweya, mpweya n'kuuza bokosi, bokosi n'kuuza iwe? Makinawa ndi akwathu ndithu. Analeredwa bwino."

Ilaitia anamwetulira pang'ono. Koma ataona kuti Akanisi sakuseka nawo, anasiya kansalu kaja.

"Ulamila waimba foni," anatero Akanisi.

Ulamila anali mlongo wake wa Ilaitia, wobadwa pambuyo pake. Chiyambire pamene Ilaitia anatha msinkhu, awiriwa anali asanalankhulanepo maso ndi maso, monga mwambo umafunira pakati pa munthu ndi mlongo wake. Wina akalowa m'nyumba, wina ankatuluka kapena kukhala chozunguzira nkhope kukhoma. Mawu awo onse ankadutsa mwa Akanisi. Ulamila anakwatiwa ku Matuloa ndi Waisale, munthu amene anayambitsa ulimi wa vasua, nkhono zikuluzikulu za zigoba ziwiri zija, m'makola a waya pansi pa madzi a m'dziwe. Ankazilera kuchokera zili ngati chikhadabo, ndipo zikakula ankazigawira mabanja a fuko lake. Waisale anamwalira mvula yapitayo isanathe.

"Wati chiyani?"

"Alamu ako atulutsa dzino."

Dzino la namgumi silituluka m'bokosi chabe. Peniasi, mkulu wake wa malemu Waisale, akaliika m'manja mwa mlongo wa mayi wamasiye, ndiye kuti akumubweza kwawo mwaulemu, ndipo wolandira sabweza mawu.

Nkhani yake Ilaitia ankaidziwa kale. Waisale atamwalira, a fuko anazika ndodo yokhala ndi tsamba la kokonati m'dziwe, kutseka mbali imene munali makola ake, kuti pasalowe munthu mpaka nyengo ya maliro ithe. Koma tiana ta vasua sitidziwa maliro. Ndere zikapanda kupalidwa zimatiphimba, ndipo pali tizilombo timene timaboola zigoba. Ulamila anapirira masabata angapo, kenako m'mawa wina analowa m'madzi ndi burashi, anthu akuona. Patapita mwezi, tiana tija tinayamba kufa, zigoba zake zopyapyala, zophwanyika ndi chala.

"Akuti ndi dzanja lake," anatero Akanisi. "Akuti anaponda madzi a maliro, ndiye nyanja yakwiya, ndipo siisiya mpaka iye achoke. Amayi ena safuna n'komwe kuti awagwirire ana. Koma a Peniasi anena pamaso pa anthu kuti adikira sitima. Ati mlamu wawo ali ndi makina omva madzi. Ngati ndi madzi, dzino libwerera m'bokosi."

"Makinawa sayeza m'dziwe."

"Ndiye mawa ayeze."

"Mpopi umatsekedwa pa mpata. Ukudziwa zimenezo."

"Umadzitseka wokha? Kapena uli ndi dzanja limene limautseka, dzanja lomweli lokonda kusisita magalasi?" Akanisi anaimirira. "Mawu ake ndi awa, ndikupatsa momwe anandipatsira. Wati, ukawauze achimwene kuti manda a Waisale ndimawaona ndili pakhomo, ndipo sindikufuna pakhomo pena."

Semesa, mkulu wa injini, anali pamwamba pa sitima akusenda chinangwa chophika ndi mpeni wa m'thumba. Anamvetsera mpaka kumapeto, akutafuna.

"Ilai, mchenga wa ku Matuloa ukuudziwa? Uli ngati ufa. Ulowa mu pampu, ulowa m'botolo lakolo, ulowa mpaka m'kabudula wako."

"Ndikhala pa sefa, akulu. Ikadzaza ndizitsuka."

"Ndipo pampu ikapsa ndikawauze chiyani anzako a ku Suva? Kuti inadwala malungo?"

"Mukawauze kuti ndinatsegula ndine."

Semesa anamuyang'ana nthawi yaitali. Anali atagwira naye ntchito zaka zambiri, ndipo anali asanamumvepo akupempha kanthu.

"Ine mawa m'mawa maso anga adzakhala pa injini," anatero pomaliza. "Injini ndi yaikulu, imatha maso onse awiri. Tenga chinangwa apa."

Kutacha, chilumba chinaoneka chakuda pansi pa mitambo yolemera. Sitima inachepetsa liwiro, mafunde akusweka mbali zonse ziwiri pa matanthwe otchinga dziwe. Ilaitia anagwada pa sefa, sipanala m'manja, mpopi uli chitsegukire. Madzi a m'botolo, amene masiku onse ankaoneka mbee, anayamba kuchita mbuu. Anatsuka sefa, n'kuibwezera, n'kuitsukanso. Pampu inalira mawu achilendo, koma sinaime. Pomwe nangula ankagwa, malaya ake anali atanyowa ndi thukuta ndi madzi amchere.

Ndipo anadzutsa mutu n'kuyang'ana pa galasi.

Mzere wobiriwira unali utakwera. Pa nyanja yaikulu unkayenda moyandikana ndi wofiira uja, nthawi zina pamwamba pang'ono, nthawi zina pansi. Tsopano unali utausiya kutali, ukukwerabe ngati njira ya kuphiri. Ilaitia anali asanauonepo pamenepo. Anatsegula silinda ya mpweya woyesera, umene kaboni wake amadziwika kale, kuti aone ngati bokosi silikunama. Bokosi linawerenga bwinobwino. Madzi a m'dziwe la Matuloa m'mawa umenewo anali odzaza ndi kaboni.

Akanisi analowa ndi buledi m'manja, n'kuima pakhomo. Kuwerenga mizere sankadziwa, koma nkhope ya msuweni wake ankaidziwa.

"Ndi madzi?"

"Mzere wakwera kwambiri."

"Ndi madzi!" Anaomba m'manja, buledi n'kugwa. "Mkazi mnzanga, ndakukhululukira zonse! Iwe, vala malaya abwino, tsika ndi bwato loyamba. Ukuimiranji ngati mzati?"

Koma bwato loyamba silinali la anthu. Nyanja inali ikuphwa, ndipo mabwato aang'ono ankayenera kuzungulira ndi matumba a simenti ndi migolo ya mafuta madzi asanatheretu pa mchenga. Makina okwezera katundu ankadalira jenereta, ndipo jenereta inali ya Ilaitia. Uthenga unapita kumtunda kuti mlamu atsika dzuwa likapendeka. Peniasi anayankha kuti mkeka wayalidwa kale, adikira.

Akanakhala munthu wina akanatseka mpopi pamenepo. Chimene ankafuna anali atachipeza, ndipo pampu inali pangozi. Koma Ilaitia anaganiza kuti mawu amene akukanena ndi olemera, ndipo mawu olemera safuna mwendo umodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anasiya makina akuyenda, kuti akatsika akhale ndi umboni wa theka lonse la tsiku.

Mitambo inang'ambika chakum'mawa komweko, dzuwa n'kuwomba m'dziwe mpaka pansi pa madzi pankaoneka udzu ndi ndere zikugwedezeka. Ilaitia ankachoka pa jenereta kukatsuka sefa, n'kubwerera. Ulendo wina anapeza mzere wasiya kukwera. Ulendo wotsatira unali utaweramira pansi. Anayesanso ndi silinda. Bokosi silinkanama. Pofika masana, mzere wobiriwira unali utatsika mpaka kukumana ndi wofiira, ndipo dzuwa litapendeka unadutsa pansi pake, kutsika kuposa madzi alionse amene anawayezapo pa nyanja yaikulu.

Anakhala pa chitini chija, manja ali lende pakati pa mawondo. Anakumbukira zimene mayi wina wa ofufuza aja anamuuza tsiku loika makina, iye osaziika kumtima chifukwa sizinkakhudza ntchito yake: madzi osaya amapuma ngati munthu. Usiku zamoyo zonse za m'dziwe zimatulutsa kaboni, ndiye m'mawa amakhala wochuluka. Masana zomera za pansi pa madzi zimamumwa, ndiye amachepa. Dziwe lililonse limatero, lodwala ndi lamoyo lomwe. Kuti munthu adziwe ngati madzi asintha, ayenera kuwayeza usana ndi usiku, miyezi ndi miyezi, ndiponso kudziwa momwe analili kale. Za kale la Matuloa panalibe. Zaka zonsezi, pa malo amenewa mzere unkaduka, ndipo woudula anali iye mwini.

Akanisi anamupeza chomwecho, atavala kale diresi lake la kutchalitchi.

"Bwato likudikira. Nanga nkhope imeneyo?"

Anamuonetsa, n'kumufotokozera pang'onopang'ono. Akanisi anamvetsera milomo itafunyika.

"Wa m'mawa uja unali wabodza?"

"Ayi. Unali woona."

"Basi. Ukanene wa m'mawa."

"Wa masanawu ndi woonanso."

"Akufunsa ndani za masana? A Peniasi anayamba aonapo kompyuta imeneyi? Iwe, tamvera. Sindikukuuza kuti ukaname. Ukangonena chimene unaona ndi maso ako m'mawa, n'kutseka pakamwa. Kutseka pakamwa umatha, ndi ntchito imene unabadwira."

"Akandifunsa ngati ndi madzi akupha vasua?"

"Uvomere!"

"Sindikudziwa, Akanisi. Mwina ndi madzi. Mwina ndi kutentha, mwina ndi matenda. Ndikati ndi madzi, anthu aja asiya makola onse, chifukwa madzi sungawachize. Nanga atakhala matenda, oti akanatha kusamutsa zotsalazo?"

"Ukudandaula za nkhono? Mlongo wako akuchotsedwa pa manda a mwamuna wake, iwe ukudandaula za nkhono! Bwenzi utatseka chimpopi chakocho m'mawa muja. Unkafunanso chiyani? Munthu wapatsidwa nsomba, akuitembenuza kufuna kuona ngati ili ndi nthiti!"

Ilaitia anatseka mpopi, n'kukavala malaya oyera ndi nsalu yake ya m'chiuno.

Nyumba ya Peniasi inali yodzaza. Amuna anakhala kumtunda kwa mkeka mozungulira mbale yaikulu ya kava, chakumwa cha mizu yosinja, amayi kumunsi pafupi ndi khomo. Ilaitia analowa chowerama, n'kupereka mtolo wa mizu ya kava monga mlendo, ndipo unalandiridwa ndi kuomba m'manja. Sanayang'ane kukhomo, koma m'mbali mwa diso anaona chovala chakuda cha mlongo wake, ndi manja awiri atagona pa mawondo, zala zake zodzaza ndi mabala a waya ndi zigoba. Akanisi anakakhala pambali pa manjawo.

Peniasi anali wamtali, woonda, wa maso ofiira ngati munthu wosagona bwino. Anafanana ndi Waisale pa chipumi. Chikho chitazungulira, anayamba kulankhula motsitsa.

"Alamu, mwabwera bwino. Nkhani mukuidziwa, sindiibwereza, ingatipweteke tonse kawiri. Mayi awa anatisamalirira m'bale wathu mpaka tsiku lomaliza. Ine ndilibe nawo mlandu wa mumtima. Koma ndodo inazikidwa, ndipo inadutsidwa, ndipo vasua zikufa. Anthu akufuna kudziwa. Tamva kuti m'mawa uno mwayeza madzi athu."

"Ndayeza, alamu."

"Mwapeza chiyani?"

"M'mawa ndinapeza mpweya uja wochuluka kwambiri, kuposa paliponse pomwe ndinayezapo."

M'nyumbamo munamveka kung'ung'udza. Mkulu wina wopanda mano anati, "Ndinkanena ine! Madzi amenewa anayamba kale kundiyabwa m'miyendo." Wina anamuyankha kuti miyendo yake imayabwa chifukwa sasamba, ndipo anthu anaseka, kuseka kwa anthu amene apeputsidwa katundu. Peniasi sanaseke, koma mapewa ake anatsika.

"Wochuluka kwambiri," anabwereza. "Ndipo mpweya umenewo umafooketsa zigoba, si choncho?"

"Ukachuluka nthawi yaitali, umatero."

"Ndiye tinene kuti ndi madzi."

Sikunali kufunsa. Ilaitia anamva bwinobwino kuti mlamu wake wamutsegulira chitseko, n'kuima pambali kuti adutse. Chinkangofunika ndi kugwedeza mutu. Kukhomo kuja Akanisi anatsokomola. Ilaitia anayang'ana chikho chimene chinali patsogolo pake, ndi timadzi totuwa totsalira pansi pake.

"Masana mpweyawo unatsika," anatero. "Unatsika kuposa wa pa nyanja yaikulu."

Kuseka kuja kunazima.

"Madzi a m'dziwe amatero tsiku lililonse, kulikonse. M'mawa amakwera, masana amatsika. Tsiku limodzi silingandiuze ngati asintha."

Peniasi anapukuta nkhope ndi chikhatho. "Alamu, ine sukulu sindinapite nayo patali. Za masana zisiyeni kaye, masana tonse timakhala titatopa. Ndikufunsa za m'mawa. M'mawa madzi anali oipa?"

"Anali ndi mpweya wambiri."

"Ndiye vasua zikufa ndi madzi a m'mawa."

"Sindinganene choncho."

"Simunganene, kapena simukufuna?"

"Sindikudziwa, alamu. Chimene ndikudziwa ndi chakuti burashi siipha vasua. Ndipo ndikhoza kupempha anthu a ku Suva kuti abweretse kachipangizo kosiya m'madzi momwemo, kayeze miyezi ingapo. Pamenepo tidzadziwa."

"Miyezi ingapo," anatero mkulu wopanda mano uja, tsopano mopanda nthabwala. "Pofika pamenepo tidzakhala tikuyeza zigoba zokhazokha."

"Za burashi sitinakufunseni," anatero wina kumbuyo. "Burashi ndi nkhani ya ife eni ndodo. Inu tinakufunsani za madzi."

Peniasi anakweza dzanja, anthu n'kukhala chete. Anamuyang'ana Ilaitia, ndipo m'maso mwakemo munalibe ukali, munali kuchonderera.

"Ndifunsa komaliza, alamu, pamaso pa anthu awa, chifukwa ndinawalonjeza kuti mawu anu ndiwo atseke nkhaniyi. Kodi ndi madzi?"

Kunja nkhuku inkatokosa pansi pa zenera. Patali jenereta ya sitima inkamveka ikuguguda. Ilaitia anaganiza za khomo limene munthu akaima amaona manda. Anatsegula pakamwa, ndipo mawu amene anatuluka anali omwe aja amene akanatuluka tsiku lina lililonse la moyo wake.

"Sindinganene kuti ndi madzi."

Peniasi anaweramitsa mutu nthawi yaitali. Kenako anapisa dzanja pansi pa mkeka kumbuyo kwake, n'kutulutsa dzino la namgumi, lachikasu ndi ukalamba, lomangidwa chingwe cholukidwa cha makoko a kokonati. Anagwada, n'kulankhula mawu a mwambo: kuthokoza banja limene linawabwereka mwana wawo wamkazi, kupepesa pa zonse zimene anavutika nazo pakati pawo, ndi kumubweza ndi manja awiri, wopanda banga. Mawu ake anaduka kawiri. Atamaliza anatambasula manja.

Dzinolo linali lozizira, lolemera kuposa momwe limaonekera. Ilaitia analilandira, n'kunena mawu olandirira monga anaphunzitsidwa ndi bambo ake, ndipo amuna onse anaomba m'manja pamodzi. Kukhomo kunamveka mkeka ukukhwekhwereza. Pomwe anatembenuka, malo aja pambali pa Akanisi anali opanda munthu.

Sitima inkayenera kutuluka pa mpata kusanade. Katundu wa Ulamila sanali wambiri: bokosi limodzi, mikeka yokulunga, mapoto omangidwa m'nsalu. Amayi omwe aja ankakana kuti awagwirire ana ndiwo anamunyamulira mpaka kugombe, akulira mokweza. Iye sanalire. Anapita yekha kumanda, n'kukhalako pang'ono, kenako anaitana mkazi wa Peniasi, n'kumupatsa burashi ija. Ilaitia, ali chapatali, anamumva akulangiza: kupala mozungulira, osakhudza pakamwa pa chigoba, ndipo tizilombo toboola tija kutifuna pansi pa waya, chifukwa ndi momwe timabisala. Mayiyo anagwira burashiyo ndi nsonga za zala.

M'bwato, Ulamila anakhala kutsogolo atapereka msana, Ilaitia kumbuyo, Akanisi pakati. Anadutsa pafupi ndi ndodo ija, tsamba lake la kokonati litauma kale, ndipo pansi pa madzi makola a waya ankaoneka mizeremizere.

"Pali mawu oti ndimuuze?" anafunsa Akanisi osamuyang'ana.

Ilaitia anafunafuna. "Umuuze kuti chipinda cha kwathu ku Suva n'chokonzeka."

"Chipinda," anatero Akanisi. Anasendera kutsogolo, n'kunong'oneza. Ulamila anayankha mawu ochepa. Akanisi anabwerera.

"Wati zikomo."

"Basi?"

"Unkafuna ndakatulo?"

Anatuluka pa mpata dzuwa lili pafupi kulowa. Semesa anasuzumira m'kachipinda kaja, n'kuona dzino la namgumi lili pa shelefu pakati pa masipanala. Anangoti pampu ikumveka bwino, n'kubwerera ku injini yake.

Atafika pa madzi akuya, Ilaitia anatsegula mpopi. Madzi a m'botolo anayeranso mbee, ndipo mzere wobiriwira unabwerera pa malo ake a masiku onse, pafupi ndi wofiira, ngati palibe chimene chinachitika. Tiyi wa madzulo sanabwere.

Mphepo inali itagwa, nyanja ili bata. Akupukuta mchenga wotsalira pansi, anaona mzere wofiira ukugwedezeka. Unakwera pang'ono, n'kutsika, n'kukweranso. Anaganiza za utsi, koma utsi umakwera kamodzi n'kukhala pamwamba. Uwu unali mpweya wa munthu. Wina anali atakhala pafupi ndi kapaipi ka kutsogolo kaja, malo amene apaulendo amaletsedwa.

Anakwera masitepe, n'kuyenda pakati pa anthu ogona pa mikeka ndi mitolo ya chinangwa, mpaka pa ngodya pomwe kutsogolo kwa sitima kumaonekera. Ulamila anali atakhala pansi, atatsamira chitsulo chomwe chija, mutu wake uli pansi pa kukamwa kwa kapaipi. Anali atasankha malo okhawo m'sitima monse pomwe panalibe anthu, ndiponso pomwe Matuloa sichinkaoneka. Mapewa ake ankakwera ndi kutsika.

Masiku onse, akapeza munthu pamenepo, Ilaitia ankamupempha mwaulemu kuti asunthe. Anaima pa ngodyapo kanthawi. Kenako anabwerera chambuyo mwakachetechete, n'kutsika masitepe.

Anakhala pa chitini chija moyang'anizana ndi galasi. Mzere wofiira unkakwera mwadzidzidzi, n'kunjenjemera pamwamba, n'kugwa, n'kukhala pansi nthawi yaitali mpaka iye kuyamba kuda nkhawa, kenako n'kukweranso. Panali batani loti adine pofuna kudziwitsa a ku Suva kuti muyeso wa nthawi imeneyi waipitsidwa, asauwerengere. Anaika chala pamenepo, n'kudina, chifukwa unalidi woipitsidwa. Koma pa galasi sanachokepo. Anakhala akuuyang'ana mzerewo ukukwera ndi kutsika, ukukwera ndi kutsika, madzi akuwazika m'botolo pambali pake, mpaka kuwala kwa pawindo kunatha.